Tafunsani Ankolo: José Laurel wa ku Philippines Anagulitsa Dziko kwa Ajapani Kapena Ankaliteteza?

Mwezi watha tinakamba za azigogo athu a gulu la asilikali la King's African Rifles (KAR) amene anakamenyana ndi Ajapani ku Burma mu 1944, ndiye ndinatchulako mongodutsa za msonkhano wa ku Tokyo wa mu Novembala 1943 umene nduna yaikulu ya Japan, Hideki Tojo, anaitanira atsogoleri a maiko amene anali mbali yake, monga Ba Maw wa ku Burma ndi José Laurel wa ku Philippines. Dzina la Laurel lija lakoka mafunso ambiri ndithu, ndasankhapo anayi.

Ankolo, ine mwandisokoneza. Chimene ndimadziwa nchoti pulezidenti wa Philippines nthawi ya nkhondo yachiwiri anali Manuel Quezon, mpaka kuli mzinda wotchedwa Quezon City. Nanga Laurel mukumunenayu akuchokera kuti? Dziko limodzi mapulezidenti awiri? Ndine mphunzitsi, Dedza.

Aphunzitsi, simunaname, analidi awiri nthawi imodzi, wina ali ku Washington wina ali ku Manila. Dziko la Philippines linali pansi pa Spain zaka zoposa 300, kenako mu 1898 America inalitenga itapereka 20 miliyoni dollars kwa Spain, ndipo mu 1935 inalola Afilipino kukhala ndi boma lawo la Commonwealth ndi lonjezo loti pakatha zaka 10 adzapatsidwa ufulu wonse. Quezon ndi amene anali pulezidenti wa boma limeneli. Ndiye pa 8 Disembala 1941, patangopita maola ochepa chiphulitsireni Pearl Harbor, ndege za Ajapani zinafika ku Philippines, zinthu zinavuta mwachangu kwambiri moti pa 24 Disembala Quezon ndi wachiwiri wake Sergio Osmeña anathawira pa kachilumba ka Corregidor limodzi ndi mkulu wa asilikali a America kumeneko, General Douglas MacArthur, kenako Quezon anatuluka pa sitima yoyenda pansi pa madzi, kudutsira ku Australia mpaka ku America. Kumeneko ndi komwe anamwalirira ndi TB pa 1 Ogasiti 1944, Osmeña nkutenga mpando.

Laurel ndi mmodzi mwa akuluakulu amene anasiyidwa ku Manila pomwe Ajapani amalowa mumzindawo pa 2 Januwale 1942. Ndipo asakunamizeni munthu kuti anali kamunthu kongotoledwa pamsewu ayi, mkuluyu anali mmodzi mwa maloya odziwa kwambiri mdzikomo. Anabadwa pa 9 Malichi 1891 ku Tanauan m'chigawo cha Batangas, bambo ake a Sotero Laurel anali m'boma la Emilio Aguinaldo lomwe linkamenyera ufulu, ndipo anasaina nawo malamulo a dziko a ku Malolos. Iyeyo anaphunzira zamalamulo ku University of the Philippines nkumaliza mu 1915, kenako anakatenga udokotala wa zamalamulo ku Yale mu 1920. Pofika 1923 anali kale nduna yoona zam'dziko ali ndi zaka 32 zokha, koma chaka chomwecho anatula pansi udindo atayambana ndi bwanamkubwa wachimereka Leonard Wood pa nkhani ya wapolisi wina mzungu, Ray Conley, amene ankaganiziridwa kuti amalandira ziphuphu kwa anthu a juga. Laurel amafuna munthuyo achotsedwe, Wood anamubwezera pa ntchito, nduna zonse zachifilipino nkutula pansi maudindo. Kuyambira pamenepo anthu ankamudziwa kuti sagwadira Amereka, ndipo izi muzisunge chifukwa zikubweranso kutsogoloku. Anakhala seneta kuyambira 1925 mpaka 1931, analemba nawo malamulo a dziko a 1935 makamaka gawo la maufulu a anthu, ndipo mu 1936 anakhala jaji wa Supreme Court.

Ajapani atalowa anapanga kaye komiti ya Afilipino yoyendetsa boma motsogozedwa ndi Jorge Vargas, Laurel anali mmenemo kuyang'anira zachilungamo kenako zam'dziko. Mu 1943 nkhondo itayamba kuwatembenukira anaganiza zopereka "ufulu" kuti anthu awakonde, zipani zonse zinali zitathetsedwa kale kutsala chimodzi chotchedwa KALIBAPI, nyumba ya malamulo yosankhidwa kudzera m'chipanichi ndi imene inasankha Laurel, nkulumbira pa 14 Okutobala 1943. Anthu wamba sanavote. Lero pa mndandanda wa boma amawerengedwa ngati pulezidenti wachitatu, pambuyo pa Aguinaldo ndi Quezon, koma kwa zaka ndithu nkhondo itatha boma silinkamuwerengera, anayamba kumuvomereza nthawi ya pulezidenti Diosdado Macapagal m'ma 1960.

Ankolo musatizungulitse. Munthu amene waikidwa pampando ndi adani amene akupha abale ake ndi kapilikoni basi. Agogo anga anabwera ku Burma alibe zala ziwiri chifukwa cha Ajapani omwewo, ine munthu wodya nawo mbale imodzi sindingamumvere chisoni. Mukuti bwa? Ndine mdzukulu wa msilikali, Zomba.

Mphwanga, mkwiyo wakowo ndikuumvetsa, ndipo Afilipino ambiri nthawi imeneyo ankayankhula chimodzimodzi, makamaka amene anali kutchire ndi mfuti. Ajapani ku Philippines anachita zoopsa, dera la Bataan, komwe asilikali a America ndi Philippines anadzitchinjirizira, litagwa pa 9 Epulo 1942 anayendetsa wapansi akaidi achifilipino ndi achimereka mtunda wa makilomita pafupifupi 100 padzuwa opanda madzi okwanira, wogwa amangobayidwa pompo, anthu zikwizikwi anafera panjira ndi kukampu komwe amapita. Apolisi awo a Kempeitai amagwira munthu usiku osadzaonekanso. Ndiye woti wavala suti nkumakweza galasi limodzi ndi anthu amenewa, funso lako ndi loyenera.

Tiyambe ndi zomwe zimamutsutsa, zilipo zambiri. Tsiku lomwelo limene analumbira boma lake linasaina pangano la ubale ndi Japan. Ku msonkhano wa ku Tokyo uja anayankhula motentha ndithu za umodzi wa anthu a ku Asia ndi kuchotsa azungu, ndipo ine sindikhulupirira kuti zonse zija amangochita sewero, munthuyu Japan ankaisirira kalekale nkhondo isanayambe, mwana wake José Laurel III anakaphunzira ku sukulu ya usilikali ya ku Japan, iyeyo mu 1938 analandira digiri yaulemu ku Tokyo Imperial University, komanso paja Amereka anali nawo kale chakukhosi. Ajapani posankha sanalote, amadziwa amene akumutenga. Boma lake linkapempha zigawenga zakutchire kuti zitule zida, ndipo mu Seputembala 1944 ndege za America zitayamba kuphulitsa Manila analengeza lamulo la usilikali, nkulengezanso kuti dziko lili pa nkhondo ndi America ndi Britain kuyambira pa 23 Seputembala. Zimenezi sizifufutika.

Komanso pali munthu wina amene amapangitsa kuti Laurel aoneke wochepa, José Abad Santos, jaji wamkulu, mnzake wa ku Supreme Court konko. Ameneyu Ajapani atamugwira anakana kugwira nawo ntchito, anamuwombera mu Meyi 1942 ku Mindanao, mwana wake ali pafupi. Nkhope yake anaiika pa ndalama ya 1,000 pesos. Ndiye sitinganene kuti njira yokana kunalibe, inalipo, mtengo wake unali imfa.

Tsopano mbali inayo. Laurel m'buku lake la zomwe anakumbukira za nkhondo, lomwe analemba ali kundende ku Japan, amati iye amafuna kupita nawo ku Corregidor kapena kuthawira kumapiri koma Quezon anamuuza kuti atsale ateteze anthu, ndipo MacArthur atafunsidwa anati otsalawo atha kuchita zimene Ajapani akulamula kupatula chimodzi, asalumbire kuti ndi anthu a Japan. Mwina uti aliyense wogwidwa amanena zotero, chabwino, koma zoti Quezon anasiya dala anthu ake ku Manila monga Vargas ndi zoona, mzinda waukulu ngati umenewo sungausiye wopanda woyankhula ndi mdani. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo ntchito imeneyi ndi yomwe Laurel ankati anapatsidwa.

Chimene ine chimandigwira mtima ndi nkhani ya nkhondo ija. Tojo anamuuza asanalumbire nkomwe, mu 1943, kuti alengeze nkhondo ndi America, Laurel anakana pamaso pake nkumazengereza pafupifupi chaka chathunthu. Atapanikizika mu 1944 muja anachita zauloya, sanalembe kuti tikuyamba nkhondo koma kuti nkhondo ilipo kale, zomwe aliyense amaziona ndi maso mabomba akugwa, ndipo chachikulu anakanitsitsa kulemba anyamata achifilipino usilikali mokakamiza. Taganiza mphwanga, anyamata amene akanatengedwa m'midzi nkukaikidwa kutsogolo kwa mizinga ya MacArthur atavala yunifolomu ya Japan akanakhala angati? Ajapani ataona kuti bamboyu akuwapusitsa anamudumpha nkupanga gulu lawo la Makapili mu Disembala 1944, la anthu ngati Benigno Ramos, ndipo amenewa ndi omwe amakumbukiridwa ndi nkhani zoloza anzawo chala kwa Ajapani atabisa nkhope mu kathumba koluka. Ku nyumba ya boma ya Malacañang Laurel anachotsa alonda achijapani nkuika Afilipino, ndipo anateteza anthu angapo amene Kempeitai imawafuna, mmodzi mwa iwo Manuel Roxas amene anamulowetsa m'boma kuyang'anira zachuma ndi mpunga.

Pa njala pokha analephera, ndipo mwina palibe akanatha. Asilikali a Japan amalanda mpunga, minda ina ya nzimbe anakakamiza kuti mudzalidwe thonje, ndalama zimene Ajapani amasindikiza zinatha mphamvu mpaka anthu ankazitcha Mickey Mouse money, pofika kumapeto kwa 1944 munthu amanyamula chikwama chodzadza ndalama kukagula kampunga kongokwana tsiku limodzi. Boma lake linapanga bungwe logula ndi kugawa mpunga lotchedwa BIBA, kuuza anthu kuti adzale mbatata ndi ndiwo zamasamba paliponse pali kadothi, koma ku Manila anthu ankafa ndi njala m'misewu ndithu.

Ndiye ukandifunsa ine, ndinganene kuti Laurel sanali ngwazi ngati Abad Santos, komanso sanali wa Makapili. Anali munthu wokonda dziko lake, wodzidalira mwina mopitirira, amene anakhulupirira kuti ndi nzeru zake za uloya atha kusewera ndi Ajapani, pena zinatheka pena anamugwiritsa ntchito. Ndipo amene akanakhala pampando paja iye akanakana sakanakhala mngelo, akanakhala Ramos kapena wina wofanana naye. Agogo ako ali ndi ufulu wonse wosamukhululukira, ine sindingawatsutse.

Ankolo ndinamva kuti anamuwombera akusewera gofu, zoona? Gofu nkhondo ili mkati? Ndine mayi wa ku Area 25.

Mayi, zoona zake ndi zimenezo, gofu anthu akuluakulu sasiya kaya kunja kuli moto. Zinachitika pa 5 Juni 1943 pa bwalo la Wack Wack ku Mandaluyong, nthawi imeneyo anali asanakhale pulezidenti, anali woyang'anira zam'dziko. Munthu anamuthira zipolopolo zingapo ndi pisitolo ya .45, china chinadutsa pafupi ndi mtima, anathamangira naye ku Philippine General Hospital nkupulumuka. Kempeitai inagwira anthu, ena anaphedwa. Koma nkhani imene Afilipino amakonda kufotokoza ndi ya wankhonya wina wodziwika ndi dzina loti Little Joe, akuti anamubweretsa pabedi pa Laurel kuchipatala kuti anene ngati ndi yemweyo, Laurel nkunena kuti sakukumbukira bwino, pomwe amamudziwa. Pambuyo pake munthu yemweyo akuti anadzakhala bodigadi wake. Chodabwitsa nchoti zipolopolo zimenezi zinamuthandiza pa ndale, Ajapani anaona kuti ngati akutchire akufuna kumupha ndiye kuti ndi wawo weniweni, miyezi inayi yokha kenako anali pulezidenti.

Nanga nkhondo itatha anamuchita chani? Sanamunyonge? Ndine wophunzira zamalamulo, Blantyre.

Achimwene a zamalamulo, apa ndiye pamene pali nkhani yanu. MacArthur atabwerera ku Philippines nkufika pa chilumba cha Leyte pa 20 Okutobala 1944 limodzi ndi Osmeña, Ajapani anasamutsira Laurel ndi nduna zake ku Baguio kumapiri mu Disembala, ndiye pomwe Manila imasanduka phulusa mu Febuluwale ndi Malichi 1945, anthu wamba pafupifupi 100,000 nkufa, iye kunalibe. Anamutulutsa mdziko kudzera ku Taiwan mpaka ku Nara ku Japan, ndipo pa 17 Ogasiti 1945, Japan itagonja, analengeza kuti boma lake latha. Amereka anamumanga mu Seputembala, anakhala ku ndende ya Yokohama kenako Sugamo, komwe amasungirako akuluakulu a Japan oganiziridwa milandu ya nkhondo, pepala lolembapo sankamupatsa moti buku lake lija analilemba m'mipata ya buku lina losindikiza kale. Anabwerera kwawo mu Julayi 1946, dziko litangolandira ufulu pa 4 Julayi, nkupeza milandu 132 yopereka dziko kwa adani ikumudikira ku People's Court.

Tsopano tamverani izi. Pulezidenti amene anamupeza pampando anali ndani? Manuel Roxas, yemwe uja Laurel anamuteteza kwa Kempeitai, yemwe uja anagwira ntchito m'boma lake lomwelo. Roxas anali mnzake wa MacArthur, ndiye asilikali a America atakumana ndi nduna za Laurel kufupi ndi Baguio mu Epulo 1945 zinalengezedwa kuti Roxas "wapulumutsidwa" pomwe anzakewo "agwidwa". Anthu a boma limodzi, wina ku nyumba ya boma wina kundende, chosiyanitsa chinali choti ukudziwana ndi ndani basi. Ndiye mlandu wa Laurel ukanayenda bwanji osatchula dzina la pulezidenti? Anatuluka pa belo, mlandu unkangokokedwa, ndipo pa 28 Januwale 1948 Roxas anakhululukira onse amene ankaimbidwa milandu yogwirizana ndi Ajapani pa ndale ndi pa malonda. Khothi silinagamule kuti Laurel ndi wolakwa kapena ayi, mpaka lero nchifukwa chake mkangano sutha. Ndipo chimene chimandiwawa ine, alimi osauka a gulu la Hukbalahap la Luis Taruc, amene anamenyanadi ndi Ajapani ku Central Luzon, ndi omwe anasakidwa ngati zigawenga nkhondo itatha, Taruc atapambana mpando wa ku nyumba ya malamulo mu 1946 anamuletsa kukhalapo. Mabanja a ndalama anakhululukirana okhaokha.

Koma anthu wamba Laurel sanamutaye, apa ndiye pamavuta kwa amene amati anali kapilikoni wamba. Mu 1949, chaka chimodzi chokha chimukhululukireni, anaimira upulezidenti pa tikiti ya chipani cha Nacionalista kupikisana ndi pulezidenti wa nthawi imeneyo Elpidio Quirino, munthu amene mkazi wake ndi ana atatu anaphedwa ndi Ajapani pa nkhondo ya ku Manila, ndiye mutha kuona mmene kampeni yake inalili yowawa. Quirino anapambana koma chisankho chimenecho chimadziwika kuti chinali chakuba kwambiri, mpaka pali nthabwala yoti ku Lanao mbalame ndi njuchi zomwe zinavota, ndipo kwawo ku Batangas anthu ena anatenga mfuti kwa kanthawi. Mu 1951 anaimira useneta nkupeza mavoti ambiri kuposa wina aliyense mdziko lonse. Mu 1953 anthu amafuna aimirenso upulezidenti koma anasiyira Ramon Magsaysay, ndipo Magsaysay atapambana anamutuma, tangoganizani, ku America komweko kukakambirana za malonda, nkutuluka pangano lotchedwa Laurel-Langley limene linagwira ntchito mpaka 1974. Munthu amene analengeza nkhondo ndi America, zaka 10 zokha kenako akusainirana nawo mapepala. Anayambitsanso sukulu ya Lyceum of the Philippines mu 1952, anasiya ndale mu 1957, nkumwalira pa 6 Novembala 1959 ali ndi zaka 68, anaikidwa kwawo ku Tanauan.

Popeza ndinu a zamalamulo ndikupatseniko ina ya kukhothi. Laurel ali mnyamata anapsompsona mtsikana wina mongomubera, chibwenzi cha mtsikanayo chinakwiya, atakumana ndewu inabuka Laurel nkumubaya ndi mpeni, khothi laling'ono linamupeza wolakwa koma pa apilo Supreme Court mu 1912 inamumasula kuti amadziteteza. Patapita zaka, mu 1940, iye ali jaji, kunabwera apilo ya mnyamata wina wanzeru kwambiri amene anali atangokhoza mayeso a uloya kuposa onse, koma atapezeka wolakwa pa imfa ya Julio Nalundasan, munthu amene anagonjetsa bambo a mnyamatayo pa chisankho mu 1935 nkuwomberedwa kunyumba kwake usiku. Mnyamatayo anadziimira yekha pa apilo, Laurel ndi amene analemba chigamulo chomumasula ponena kuti mboni yaikulu ya boma sinali yodalirika, ndipo anthu ena amati jajiyo anadziona yekha mwa mnyamatayo. Dzina lake Ferdinand Marcos.

Mu 1986 amene anachotsa Marcos pampando atalamula zaka 20 anali Corazon Aquino, ndipo wachiwiri wake anali Salvador Laurel, mwana wa José Laurel yemweyu. Apongozi ake aamuna a Corazon, a Benigno Aquino Sr., ndi amene ankatsogolera KALIBAPI nkukhala sipikala wa nyumba ya malamulo ya 1943, ndipo anali limodzi ndi Laurel ku Sugamo. Pano kuyambira 2022 pulezidenti ndi Ferdinand Marcos Jr.